Dzuwa la Malichi landiphera mbande ku Buxton

NaJere_SK17
Abale, mwaswera bwanji nonse? Ndabwera ndi dandaulo, amene mwakhalitsa kuno mundithandize. Ino ndi Malichi yanga yoyamba ku England. Ndimakhala ku Buxton, katauni ka m'mapiri ku Derbyshire. Sabata yatha dzuwa linawala masiku anayi otsatizana, foni ikuonetsa madigiri 15, anthu akuyenda opanda majekete ku Pavilion Gardens, maluwa achikasu aja a daffodil atamasula m'mbali mwa misewu. Mumtima ndinati basi, chisanu chapita. Ndinatenga mbande 12 za maungu zomwe ndinafesa pawindo mu Febuluwale n'kukaziwokera kuseri kwa nyumba. Ndinali nditayamba kale kulota nkhwani wotendera.

Lolemba m'mawa ndinachapa n'kuyanika panja, kumwamba kuli mbee. Pofika 11 koloko kunagwa matalala. 1 koloko dzuwa. 3 koloko sinowo, wochita kuuluka ndi mphepo ngati thonje. Usiku kunayera, nyenyezi zili ngwee. Lachiwiri m'mawa ndinapeza masamba onse atada, ali lende ngati wina wawathira madzi owira. Sipanatsale ndi imodzi yomwe. Mtima ukundipwetekabe chifukwa mbewuzo anandigawira mayi wina wa kutchalitchi ku Manchester, ndipo nawonso anali nazo zochepa.

Kodi nyengo ino ili ndi dongosolo lake? Munthu amadziwira chiyani kuti kuzizira kwathadi? Ndimasamalira okalamba m'makomo mwawo, ndimanyamuka 6 koloko m'mawa, ndipo tsiku lililonse ndikumavala zolakwika.

Gogo_Macc
Pepa mwanawe. Maungu mu Malichi, panja, ku Buxton? Ukanafunsa. Safunsa anadya phula. Ife a ku Macclesfield tili kumunsi kwa inu koma sititulutsa maungu Meyi asanathe.

NaJere_SK17
Ndavomera agogo. Ndi chifukwa chake ndafunsa lero.

Kamnyamata_MCR
Achemwali, ingoyang'anani foni musanatuluke. Imanena zonse, ola ndi ola. Palibe chovuta apa.

NaJere_SK17
Ndinayang'ana achimwene. Inanena kuti usiku kukhala madigiri 3. Ndinaganiza kuti madzi amaundana pa 0, ndiye 3 palibe vuto.

MphunzitsiWakale
Mayi NaJere, pepani kwambiri. Ndinaphunzitsa jogalafe kusekondale kwathu zaka zambiri ndisanabwere ku Scotland, choncho ndiloleni nditalikitse.

Ndiyambe ndi 3 wanuyo. Foni sinaname. Kutentha kumene amalengeza ndi kwa mpweya, ndipo amakuyeza pamalo okwera kupitirira mita imodzi kuchokera pansi. Usiku wopanda mitambo ndi mphepo, nthaka ndi masamba zimazizira kuposa mpweya wa pamwambapo, mwina ndi madigiri atatu kapena anayi. Foni ikunena 3, koma pa tsamba la dzungu pali chisanu. Mitambo usiku ili ngati bulangete. Mukaona nyenyezi zili ngwee mu Malichi kapena Epulo, mphepo ili zii, dziwani kuti m'mawa udzu ukhala woyera.

Tsono za kusinthasinthako. Mwezi uno pali zinthu ziwiri zimene zikukokana. Dzuwa lakwera kale: cha pa 20 Malichi usana ndi usiku zimalingana, ndipo kwanuko usana ukutalika ndi mphindi pafupifupi 4 tsiku lililonse. Mphamvu ya dzuwa la kumapeto kwa Malichi ndi yofanana ndi ya pakati pa Sepitembala. Koma nyanja zozungulira chilumbachi zimachedwa kufunda, ndipo Febuluwale ndi Malichi ndi pamene madzi ake amakhala ozizira kwambiri pachaka chonse. Kumpoto ku Arctic nako chisanu chidakali chokhwima. Ndiye tsiku limatengera kumene mphepo yachokera. Ya kumwera chakumadzulo, yochokera ku Atlantic, imabwera yofunda koma yonyowa. Ya kumpoto imabwera ndi kuzizira kolasa m'mafupa. Ya kum'mawa imadutsa pa North Sea n'kubweretsa mitambo yotuwa ndi kuzizira kouma. Kumwamba kwenikweni, makilomita pafupifupi 10, kuli mkokomo wa mphepo wotchedwa jet stream. Ukapindikira kumpoto kwa ife timafundidwa, ukatsikira kumwera mpweya wa ku Arctic umatipeza. Kupindika kumeneku kumatha kusintha m'masiku awiri okha.

Za Lolemba lanu zinayenda chonchi. Mpweya wozizira unalowa, dzuwa la m'mawa linatenthetsa nthaka, mpweya wa pansi unakwera n'kukakumana ndi wozizira kwambiri kumwamba, mitambo inaunjikana mwachangu, matalala n'kugwa. Mtambo utadutsa dzuwa linawalanso, wina n'kubwera pambuyo pake. Dzuwa litalowa panalibenso chokankha mpweya kuti ukwere, mitambo inabalalika, chisanu n'kutera pa mbande zanu.

Onjezanipo kuti Buxton ili pamtunda wa mamita pafupifupi 300 kuchokera pa nyanja yaikulu. Pa mamita 100 aliwonse amene mwakwera kutentha kumatsika ndi theka la digiri n'kanthu. Choncho imene ikugwa ngati mvula ku Manchester, kwanuko imatha kugwa ngati sinowo.

MwanaWaKuDedza
Aphunzitsi, mamita 300 ndi chiyani? Dedza ili pamwamba kupitirira mamita 1,500 koma sinowo sitinamuonepo.

MphunzitsiWakale
Zoona achimwene, koma Dedza ili pafupi ndi equator, mzere uja wodula dziko lapansi pakati, madigiri 14 kumwera kwake. Buxton ili madigiri 53 kumpoto. Kuno mpweya umakhala uli kale pafupi ndi poundana, ndiye kaphiri kakang'ono n'kokwanira kuukankhira tsidya lina.

Chiperoni68
Ine sindikuona chachilendo. Amene tinakulira ku Thyolo timazidziwa izi. M'mawa dzuwa, masana nkhungu yatsika m'minda ya tiyi, mvula yowaza masiku atatu, zovala osauma. N'chiperoni basi, kungoti cha azungu.

Gogo_Macc
Ayi bambo, musamusokoneze mwanayu. Chiperoni chimabwera n'kukhazikika, umadziwa kuti lero ndi mawa ndi zomwezi. Ndipo chiperoni sichiumitsa madzi m'ndowa. Za kuno zimasintha usanamalize kuphika nsima.

Chiperoni68
Pa kukhazikikapo ndagonja agogo. Koma fungo la m'mawa wa nkhungu kuno limandikumbutsa kwathu mpaka misozi. Tinkapita kusukulu mu Juni manja tapisa m'khwapa, mbatata yootcha m'thumba la kabudula kuti itifunditse.

Dalaivala_A6
Achemwali a NaJere, za mbewu ena akuthandizani, ine ndikambe za msewu poti mumanyamuka 6 koloko. Ndakhala ndikuperekera katundu m'dera limenelo kwa zaka 7.

Msewu wa A537 wopita ku Macclesfield, uja amati Cat and Fiddle, umakwera kupitirira mamita 500. M'tauni mukhoza kukhala mouma, inu n'kukapeza pamwamba pali poyera, ndipo sinowo akachuluka amautseka. A53 wopita ku Leek, podutsa Axe Edge, chimodzimodzi. Misewu ikuluikulu amaithira mchere usiku, koma tinjira topita kumafamu ayi. Choopsa kwambiri si sinowo amene mukumuona. Ndi madzi amene anasungunuka masana dzuwa likuwala, n'kuyenderera pa tala, usiku n'kuundana. M'mawa amangooneka ngati msewu wanyowa. Chaka china mu Epulo, pa kona ina pafupi ndi mlatho, vani yanga inangotembenuka yokha n'kukaima itayang'ana kumene ndimachokera. Sindinagunde kanthu, koma ndinakhala mphindi khumi manja akunjenjemera pa chiwongolero.

Musachotse chopalira galasi m'galimoto mpaka Meyi. Musathire madzi otentha pa galasi, limang'aluka. Dzukani mphindi 10 msanga. Bulangete, tochi ndi botolo la madzi zizikhala kumbuyo. A zanyengo a Met Office akatulutsa chenjezo lachikasu la ayezi, muziliwerenga, osangoliona.

NaJere_SK17
Zikomo achimwene. Chopaliracho ndinachilowetsa m'nyumba sabata yatha yomweyo. Lachiwiri ndinachita kupala ndi khadi la kubanki.

Namwino_Stoke
Za zovala: musadalire jekete limodzi lolemera. Valani zopyapyala zingapo zosanjikiza, kamalaya ka mkati kogwira thupi, juzi, kenako jekete losalowa madzi lokhala ndi chipewa chake. M'nyumba za okalamba hita imakhala pamwamba, mukalowa ndi chijasi mutuluka thukuta, potuluka mphepo ikupezani muli wonyowa. Ambulera kumapiriko ndi yongotaya ndalama, mphepo imaitembenuza. Masokosi ena owonjezera m'chikwama. Mapazi akanyowa 7 koloko, shifiti yonse yaonongeka.

China, dzuwa limeneli lisakunamizeni kuti thupi lalandira zokwanira. A NHS, a zaumoyo a boma kuno, amalangiza kumwa vitamin D mamaikilogalamu 10 patsiku miyezi yozizira, ndipo ife a khungu lakuda amati tiganizire zomwa chaka chonse.

Kamnyamata_MCR
Komatu abale, kodi nyengo imeneyi m'Chichewa timaitcha chiyani? Mwana wanga anafunsidwa kusukulu ndipo ndinamuuza kuti masika.

Gogo_Macc
Wamunamiza mwana. Masika ndi nthawi imene mvula ikutha, zakumunda zacha, tikudya maungu, mondokwa, nzimbe ndi mtedza wauwisi. Imeneyo ndi nthawi yokolola. Kuno mwezi uno m'munda mulibe kanthu.

Kamnyamata_MCR
Koma agogo, masika amabwera cha mu Malichi ndi Epulo. Pano tili mu Malichi. Nanga cholakwika n'chiyani?

Gogo_Macc
Dzina limatsata zimene nthaka ikuchita, osati kalendala.

MwanaWaKuDedza
Ndili kumbali ya agogo. Chofanana nacho kwathu ndi nthawi ya mphukira, cha mu Ogasiti ndi Sepitembala, pamene mitengo ya mombo ndi tsamba imatulutsa masamba atsopano ofiirira mvula isanagwe n'komwe. Ukaima pamsewu wa ku Dedza phiri lonse limaoneka ngati lapakidwa utoto. Kuzizira kwa Juni ndi Julayi kumakhala kukutha, kutentha kwa Okutobala kusanafike. Ine ana anga ndimawauza kuti ino ndi nyengo ya mphukira.

Chiperoni68
Mphukira ndi dzina labwino. Koma ya kwathu imabwera ndi fumbi ndi akamvuluvulu, ya kuno ndi matope.

Thiraki_N3
Moni kuchokera ku South Africa. Musaganize kuti mavutowa ndi a ku Ulaya okha. Kuno mphukira imayamba mu Sepitembala, ndipo imanamiza chimodzimodzi. Mu Sepitembala 2024 anthu anali atasunga kale majekete, kenako sinowo anagwa wambiri pa Van Reenen's Pass, pa msewu wa N3 pakati pa Harrismith ndi Ladysmith. Magalimoto ndi mathiraki anatsekeredwa usiku wonse, ena mpaka tsiku lachiwiri. Ine ndinapulumuka chifukwa ndinali nditatsala ku Durban kudikira katundu, koma anzanga anagona m'mathiraki atavala malaya a manja aafupi. Kuyambira pamenepo bulangete silichoka m'kabini mwanga ngakhale mu Disembala.

Wachinyamata265
Zonsezi ndi kusintha kwa nyengo basi. Dziko latentha, nyengo yasokonekera. Kale sizinkachitika izi.

Gogo_Macc
Kale lake liti? Funsa okalamba a ku Buxton za 1975.

MphunzitsiWakale
Agogo akunena za pa 2 Juni 1975, pamene sinowo anaimitsa masewero a cricket pakati pa Derbyshire ndi Lancashire ku Buxton komweko. Juni, osati Malichi. Mayi NaJere, mukafunsa agogo amene mumawasamalira, ena akuuzani kumene anali tsikulo.

A Wachinyamata, tisaphatikize zinthu ziwiri. Kusinthasintha kwa Malichi ndi Epulo ndi chikhalidwe cha dziko lino kuyambira kalekale. Kuno ku Aberdeenshire kuli katauni kotchedwa Aboyne. Pa 27 Malichi 2012 kunatentha madigiri 23.6, chimene chinali chisanachitikepo ku Scotland m'mwezi wa Malichi. Patangotha sabata imodzi kunagwa sinowo. Chaka chotsatira, 2013, Malichi anali wozizira kuposa wina aliyense kuchokera mu 1962. Mu 2018 mphepo ya kum'mawa ija anaitcha Beast from the East inafika kumapeto kwa Febuluwale, n'kubweranso pakati pa Malichi anthu akuti zatha.

Koma simunalakwe kotheratu. Kutentha kwa dziko kulipodi. Pa 26 Febuluwale 2019 ku Kew Gardens ku London kunafika madigiri 21.2, m'mwezi umene uyenera kukhala wachisanu. Vuto lake n'lakuti kukafunda msanga mitengo ya zipatso imachita maluwa msanga, pomwe chisanu cha usiku cha mu Epulo sichinasiye kubwera. Alimi a maapozi ndi mapulamu amalira ndi zomwezi zimene zachitikira mbande za mayiwa.

Wachinyamata265
Ndamva aphunzitsi. Koma ndikuumirirabe kuti zikunka zikula.

NaPhiri_Hawick
Ndiwonjezere za 2013. Ndimasamalira agogo ena aamuna kuno ku Scottish Borders amene moyo wawo wonse akhala akuweta nkhosa. Mwezi uno ndi wotsatira ndi pamene nkhosa zimaswa, ndiye iwo ngakhale sangathenso kuyenda, m'mawa uliwonse amafuna ndiwakankhire pawindo. Sayang'ana dzuwa ayi. Amayang'ana utsi wa pa chumuni cha nyumba ya patsidya kuti ukulowera kuti. Anandiuza kuti kamwana ka nkhosa kamapirira kuzizira kouma, koma mvula yozizira yobwera ndi mphepo imakapha m'maola ochepa chifukwa ubweya wake ukanyowa sikathanso kudzifunditsa. Akamakamba za sinowo wa kumapeto kwa Malichi 2013, amene anakwirira nkhosa zambirimbiri ku Northern Ireland, ku Wales, ku Cumbria ndi kumwera kwa Scotland, mawu awo amasintha. Ana awo tsopano amaveka tiana ta nkhosa timajekete ta pulasitiki kukakhala mvula.

Ndinaphunzira kwa iwo kuti m'mawa ndiziyamba ndafunsa kuti mphepo ikuchokera kuti. Pali kamtengo kaminga ka m'mipanda kotchedwa blackthorn, kamachita maluwa oyera masamba asanatuluke. Iwo amati kakamasula, kuzizira kumabwereranso masiku angapo.

Kamnyamata_MCR
Pepani ndipatuke pang'ono. Mawotchi tikusintha liti? Mayi kumudzi amandiimbira ndili mtulo.

Namwino_Stoke
Lamulungu lomaliza la Malichi. 1 koloko usiku imasanduka 2 koloko. Kusiyana ndi Malawi kutsika kuchoka pa maola awiri kufika pa ola limodzi. Amene muli ndi shifiti ya m'mawa tsikulo mugone msanga, ola limodzi la tulo lapita.

Dalaivala_A6
Ndipo a NaJere dziwani kuti mawotchi akasintha, 6 koloko yanu ikhala 5 koloko ya dzuwa. Kabwereranso kamdima ndi chisanu pa galasi kwa masabata angapo.

Mlimi_Leicester
Tabwererani ku maungu abale, mayiwa sanayankhidwe mokwanira. Ndili ndi kadimba ka lendi kuno kwa zaka 9, ndipo chaka chilichonse timadya nkhwani, bonongwe ndi mpiru mpaka kugawira ena.

Mayi, kulakwa kunayambira pofesa mu Febuluwale. Dzungu limakula msanga, pakatha masabata anayi mphika wachepa, limayamba kutalika mowonda kufunafuna kuwala, ndipo mwini wake amakakamizika kulitulutsa. Fesani pakati pa Epulo kapena kumapeto kwake, mbewu imodzi m'kamphika kamodzi, pawindo loyang'ana kumwera. Kwanuko musawokere Meyi asanathe, ngakhale sabata yoyamba ya Juni ndi yabwino. Musaope kuti mwachedwa. Mu Juni usana umafika maola pafupifupi 17, dzungu limayanga mochita kuoneka ndi maso, ndipo pofika Julayi mukutchola nsonga.

Musanawokere muzizizoloweza. Kwa masiku 10 muzizitulutsa masana n'kuzilowetsa madzulo. Mbande yochoka pawindo lofunda kupita panja tsiku limodzi imafooka ngakhale kulibe chisanu, mphepo yokha imaiwaula.

Si mbewu zonse zimene zimaopa kuzizira. Repu, mpiru, masamba aja amati kale, anyezi ndi nsawawa zimapirira, mukhoza kuyamba nazo mu Epulo mutaphimba ndi kansalu koyera kopyapyala kaja amagulitsa m'mashopu a zam'munda, amati fleece. Maungu, nyemba, tomato, chimanga ndi bonongwe ndi ana a dzuwa, chisanu cha usiku umodzi n'chokwanira. Mbatatesi mukhoza kubzala mu Epulo, koma zikamera muzikwezera dothi pa masamba mukamva kuti usiku kuyera. Gwirani dothi ndi dzanja m'mawa. Ngati simungathe kulifumbata kwa mphindi imodzi, mbewu nayonso silifuna. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mbewu za maungu ndili nazo zambiri, za mtundu wa masamba ofewa omwe sayabwa kwambiri posadzula. Ndilembereni kumbali ndikutumizireni.

Gogo_Macc
Bonongwe wanu uja mumafesa liti bambo? Wanga amangothamangira kuchita maluwa.

Mlimi_Leicester
Mu Juni agogo, molunjika m'dothi, ndipo muzitchola nsonga kawirikawiri osadikira kuti akule. Mukamusiya masabata awiri osamukhudza amathamangiradi ku njere.

Chiperoni68
Nanga za kuyanika zovala palibe wayankha. Ine ndinatopa, ndimangoyanika m'nyumba pa hita.

Namwino_Stoke
Bambo, zimenezo zimabweretsa nkhungu yakuda m'makoma ndi kuseri kwa makabati, ndipo ndi yoipa pa chifuwa, makamaka kwa ana ndi a mphumu. Ngati mukuyanika m'nyumba, sankhani chipinda chimodzi, tsekani chitseko, tsegulani windo pang'ono. Makina okoka chinyezi aja amathandiza kwambiri ndipo sadya magetsi ngati makina oumitsira zovala.

Gogo_Macc
Mphepo ya Malichi imaumitsa bwino, bola ukhale pakhomo. Ine ndimayanika 8 koloko, pofika 11 ndaanula. Mitambo yosanjikizana ngati kolifulawa ikayamba kutukumuka kumadzulo, usadikire dontho loyamba.

NaJere_SK17
Abale, ndabweranso patapita masiku atatu. Zikomo nonse, makamaka aphunzitsi ndi a Mlimi. Ndawalembera kumbali, mbewu akuti atumiza Lolemba, ndipo ndalemba pa kalendala ya kukhitchini kuti ndifese pa 20 Epulo.

Ndinafunsa agogo ena aakazi amene ndimawasambitsa m'mawa za 1975. Anandiyang'ana n'kumwetulira, n'kunena kuti amakumbukira bwino, anali atayanika matewera a mwana wawo woyamba. Anandilozera kamtengo ka maapozi ka m'mphika pakhonde lawo kamene kayamba kutupa maso, n'kundipempha kuti madzulo ndikafunditse ndi katani yakale. Dzulo pochoka kwawo 8 koloko nyenyezi zinali ngwee, mphepo kulibe, foni ikunena 2. Ndinakafunditsa, kwathu n'kuyala katoni pa galasi la galimoto. Lero m'mawa udzu wonse unali woyera, ukuchita kulira pansi pa nsapato, koma pansi pa katani paja panali pouma, timaso tili tobiriwira.

Agogo a ku Macclesfield, kumadzulo kwayamba kutukumuka kolifulawa wanu uja. Ndikaanule kaye mashiti.